Mphekesera imalankhula Chichewa, sayansi ikudikirabe womasulira

Loweruka lina m'dzinja ndinakwera minibasi pa Chitakale kupita ku Limbuli. Tisanapite patali, mayi wina kumbuyo kwanga anatsegula foni mokweza, muja timachitira tikafuna kuti anzathu amve nawo. Unali uthenga wamawu wa pa WhatsApp. Bambo wa mawu odekha, ngati mlaliki wa pamaliro, ankati Lachinayi kukubwera namondwe woposa Freddy, ndipo anamondwewa sabwera okha, pali mayiko amene akuyesera zida zawo pa ife. Umboni wake unali funso: "Dzina la namondwe amalidziwa bwanji iye asanafike, ngati sanamupange okha?"

Kondakitala anaseka. "Amayi, zabodza zimenezo. Nkhani ndi mitengo basi. Mwalimeta phiri lonse ndi makala anuwo, lero mukudabwa chiyani?"

Mkulu wina wa chipewa, nkhuku ili m'khwapa, anangoti pansipansi: "Ana inu, Napolo akafuna kusamuka safunsa munthu."

Ine ndinaphunzitsa jogalafe ku sekondale zaka zambiri, koma ndinakhala duu mpaka ku Limbuli. Yankho ndinali nalo ndithu, koma linali m'Chingerezi. Pamene ndinkalitembenuza m'mutu, anthu anali atayamba kale kukangana za chenje. Ndinatsika ndi manyazi, ndipo manyazi amenewo ndi amene andilembetsa ndemanga ino.

Lachinayi lija kunacha bwinobwino, dzuwa lili phwee. Bambo wa uthenga uja sanaluze kanthu, poti palibe akumudziwa nkhope. Amene analuza ndi a zanyengo enieni, chifukwa tsiku limene adzachenjeze zoona, mayi uja adzati: "Aaa, paja ananenanso."

Ife a ku Mulanje sitifunika kuuzidwa kuti mphekesera imapha. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayambira konkuno n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anaphedwa, magalimoto anaphwanyidwa, misewu inatsekedwa usiku, ogwira ntchito zachipatala ankaopa kulowa m'midzi. Palibe anagwidwa ndi chigubu cha magazi ngakhale chimodzi. Bodza la zanyengo limayenda njira yomweyo, kungoti limapha mwakachetechete. Mvula ikadula mu Januwale chimanga chikumasula, maso a mudzi amayamba kuyang'ana kukhonde kwa nkhalamba ina yokhala yokha: akuti yamanga mvula. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lili ku boma, mkwiyo uli m'mudzi. Ng'amba imene inaumitsa minda mu 2024, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, gwero lake linali kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, kumene a sayansi amati El Niño. Inagwa ku Zambia, inagwa ku Zimbabwe. Agogo a kwathu amene amalephera kusenza ndowa ya madzi sangamange mvula ya mayiko atatu. Koma ndani anapita m'mudzimo kukanena zimenezi m'mawu oti alowe m'khutu?

Mphekesera imapambana chifukwa imayankha funso limene munthu wogwidwa ndi tsoka amafunsa: wandichita zimenezi ndani? Imatchula munthu, imafika pa foni ya mlamu wako, imalankhula Chichewa cha pamsika. Sayansi imafika pa chikwangwani cha bungwe, kapena pa msonkhano wa ku loji kumene amfumu amapatsidwa Fanta ndi kandalama ka thiransipoti n'kuonetsedwa mizere yokhotakhota pakhoma. Ndinakhalapo pa msonkhano wotero. Mnyamata wophunzira bwino analankhula ola lathunthu, womasulira n'kumangoti "akuti nyengo yasintha". Amfumu amene ndinakhala nawo pafupi anandinong'oneza: "Aphunzitsi, nanga nyengo sisintha chaka ndi chaka? Dzinja, masika, chisanu, chilimwe. Chachilendo n'chiyani?"

Amfumuwo sanalakwe. Liwu loti nyengo m'chinenero chathu lasenza katundu wambiri. Kukacha kwa mitambo timati nyengo, dzinja timati nyengo, ndipo mmene kumakhalira kudera kwa zaka makumi atatu timatinso nyengo. Ukangoti "kusintha kwa nyengo" osawonjezapo kanthu, sunanene chilichonse. Chimodzimodzi "mpweya woipa". Kwa ambiri mpweya woipa ndi fungo la kuchimbudzi kapena utsi wa matayala. Pamene mpweya umene ukunenedwawo ulibe fungo, suoneka, ndipo ndi womwewo umene timatulutsa popuma ndiponso umene chimanga chimafuna kuti chikule. Vuto lake ndi kuchuluka basi. Ndivomerenso pano kuti aphunzitsi ambiri tinasokoneza ana powauza kuti dziko likutentha chifukwa kumwamba kwabooka. Kubooka kwa ozone, mpweya wa kumwamba umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndi nkhani ina, ya mankhwala a m'mafiriji akale, imene mayiko anagwirizana kuithetsa ku Montreal mu 1987. Ana amene tinawaphunzitsa zosakanizazo lero ndi makhansala ndi abusa.

Zimene ndinalephera kunena m'minibasi muja ndi izi. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'nazale ya tiyi amadziwa mmene kumakhalira pansi pa pulasitiki wofunditsa mbande: dzuwa limalowa, kutentha sikutuluka msanga, m'kati muli thukuta lokhalokha. Dziko lapansi nalo lili ndi chofunda chake cha mpweya, ndipo chikanapanda kukhalapo bwenzi tonse titauma ndi chisanu. Chiyambireni mafakitale oyendera malasha, kenako petulo, dizilo ndi gasi, chofundacho chakhala chikukhuthala. Mpweya wosanunkha uja, umene a sayansi amati carbon dioxide, unali magawo pafupifupi 280 pa miliyoni mafakitale asanayambe, lero wadutsa 420. Dziko latentha ndi digiri yoposa imodzi, ndipo 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse chiyambireni kulemba. Digiri imodzi imamveka yochepa, koma funsani mayi amene mwana wake thupi lakwera kuchoka pa 37 kufika pa 38.

Kutentha kwambiriko kumalowa m'nyanja. Madzi ofunda amatulutsa nthunzi yambiri, monga mphika wa pamoto, ndipo mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri: digiri imodzi iliyonse imawonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100. Chakwera chiyenera kutsika. Namondwe chakudya chake ndi madzi ofunda a m'nyanja, oyambira madigiri 26 kapena 27. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar, analowa mu Mozambique, anabwereranso m'nyanja kukadya, kenako n'kudzalowera kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Atafika kuno anapeza phiri. Mpweya wonyowa ukagunda khoma lotalika mamita 3,002 pa Sapitwa umakwera, umazizira, n'kukhutula zonse. N'chimodzimodzi ndi chiperoni chimene chimabiriwitsa tiyi wa ku Lujeri mu Julaye, kungoti ulendo uno chinabwera ndi nyanja yonse kumsana.

Za dzina zija n'zosavuta. Mayina a anamondwe amalembedwa pamndandanda nyengo yawo isanayambe, motsata afabeti, ndipo mayiko a m'chigawo chino, Malawi ali momwemo, amaperekako mayina. Mayi woyembekezera amasankha dzina mwana asanabadwe, ndipo palibe amati ndi ufiti. Freddy anatchulidwa ndi a zanyengo a ku Australia chifukwa anabadwira kwawoko.

Koma amene ndikufuna kulimbana naye kwambiri ndi kondakitala uja, chifukwa mawu akewo ndi amene amalankhulidwa pa misonkhano ya akuluakulu, pa maulaliki, ngakhale pa mawailesi. Akuti anamondwe akubwera chifukwa tadula mitengo. Ili ndi theka la choonadi, ndipo theka la choonadi ndi lovuta kulizula kuposa bodza lathunthu. Nkhwangwa ya ku Likhubula sinatenthetse nyanja ya India. Afrika yense amatulutsa mpweya wosakwana magawo 4 pa 100 a mpweya wa malasha ndi mafuta umene dziko lonse limatulutsa, ndipo gawo la Malawi m'menemo ndi kadontho. Tikanasiya mkungudza uliwonse uli chilili m'phirimu, Freddy akanabwerabe tsiku lomwelo.

Chimene mitengo imachita ndi china. Pali chimene chimakulitsa mvula, ndipo pali chimene chimachititsa kuti mvulayo iphe. Choyambacho chili kutali, m'mafakitale a ku China, America, Ulaya ndi India. Chachiwiricho chili m'manja mwathu: mapiri ometedwa, minda yofika m'mphepete mwenimweni mwa Ruo ndi Thuchila, mitsinje yodzaza mchenga, nyumba zomangidwa m'khwawa. Tikasakaniza ziwirizi timalakwa kawiri. Timasenzetsa mayi wogulitsa nkhuni mlandu wa dziko lonse, pamene mayiko olemera anavomera okha pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022 kuti pakhale thumba lolipirira zowonongeka m'mayiko ngati lathu. Ndiponso timalonjeza anthu zimene mitengo singachite. Mudzi umene wadzala mitengo zaka zisanu, namondwe n'kubweranso, udzati a sayansi anatinamiza, n'kubwerera kwa bambo wa pa WhatsApp uja.

Ndisamveke ngati ndikuikira kumbuyo owotcha makala kapena amene anatha mkungudza, mtengo wa fuko lathu, mpaka kutsala pang'ono kutheratu m'phiri limene bungwe la United Nations la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Mizu imagwira dothi, masamba amachepetsa ukali wa madontho, nkhalango imamwetsa madzi pansi pang'onopang'ono kuti akasupe asaume mu Okutobala. Zifukwa zimenezi n'zokwanira pazokha. Sizifunika kuthiridwa bodza kuti zikome.

Tsono mkulu wa nkhuku uja. Ophunzira ambiri akamva za Napolo amaseka, ndipo kusekako n'kumene kumatseka makutu a anthu. Ine sindikhulupirira kuti pansi pa phiri pali chinjoka. Koma taonani zimene nkhani ya Napolo yasunga. Imati amatuluka mvula ikagwa masiku angapo osakata. Imati kumamveka mkokomo asanafike. Imati amadutsa njira imene anadutsa kale. Zonsezi katswiri wa miyala angazisainire. Phiri lathuli ndi thanthwe lolimba lofundidwa ndi dothi pamwamba. Mvula ikagwa masiku atatu, dothilo limakhuta, limalemera, madzi amayenda pakati pa dothi ndi thanthwe, ndipo zonse zimatsetsereka ngati phala pambale yopendekeka, zitanyamula miyala yaikulu ngati nyumba. Zinachitika ku Zomba mu Disembala 1946, nkhalango zikadalipo. Zinachitika ku Phalombe mu Malichi 1991 kuchokera m'phiri la Michesi, anthu mazanamazana n'kutha. Zinachitikanso mu 2023 kuno, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Chilobwe m'munsi mwa Soche, ndipo dziko lonse linataya anthu oposa 1,000, omwalira ndi osowa osapezekanso, pamene oposa 600,000 anasowa pokhala.

Akale anati madzi saiwala khwawa. Nkhalamba imene ingakulozereni pamene Napolo anadutsa mu 1991 ili ndi mapu amene ofesi zambiri zilibe. Wofalitsa sayansi wanzeru sayamba ndi kuti "Napolo kulibe". Amakhala pansi n'kufunsa: "Agogo, anadutsa pati? Madzi a mumtsinje anasintha bwanji asanabwere?" Akatero amawonjezapo zake: ming'alu yatsopano m'munda wa pamtunda, mitengo yopendama, kasupe wotumphuka pamene panalibe, mtsinje wodetsedwa mwadzidzidzi kapena wophwera mvula ikugwa, kusonyeza kuti kumtunda kwatsekeka. Munthu akathawa usiku umenewo, zilibe kanthu kuti akuthawa njoka kapena dothi. Choti tikane ndi mawu aja oti "safunsa munthu", ngati kuti palibe chochita. Napolo wa masiku ano amaoneka pa satelayiti masiku angapo asanafike.

Ndipo anaonekadi. Nthambi ya boma yoona zanyengo inachenjeza za Freddy masiku angapo asanalowe. Ambiri anamva, koma sanasamuke. Ena analibe kopita, ena ankaopa kusiya mbuzi ndi chimanga kwa akuba. Koma enanso sanamvetse kukula kwa chimene chinkanenedwa. Mamilimita ndi chiyani kwa munthu amene amayeza ndi ndowa ndi chigoba? Ku Nkhulambe kunagwa mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi, kuposa mvula imene Lilongwe amalandira chaka chonse. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo ka sitepe imodzi m'litali ndi sitepe imodzi m'lifupi. Ndiye kuti pa kamalo kosakwana mphasa panathiridwa zigubu 50 za malita 20. Uzani mayi wa ku Muloza kuti mawa pakhomo pake, pa sitepe iliyonse, pathiridwa zigubu khumi, muone ngati agone m'nyumba ya zidina zosawotcha.

Palinso nkhani ya kulosera. Zaka zambiri mvula isanayambe timamva kuti kugwa "mvula yapakatikati mpaka yochulukirapo". Mlimi amamva lonjezo. Zikapanda kutero amati a zanyengo ndi abodza. Chimene sichinenedwa n'choti ulosi ndi mwayi chabe, ndipo anyamata athu amene amabetcha mpira pa foni amazidziwa bwino zimenezi kuposa ife aphunzitsi. Bullets ikamasewera ndi katimu kongolowa kumene mu ligi, aliyense amadziwa amene akuyembekezeka kupambana, koma tsiku lina kamatimu kaja kamachinya, ndipo palibe amati mpira ndi wabodza. A zanyengo azilankhula choncho: pa zaka khumi zofanana ndi chino, zingati zinagwa mvula yambiri, zingati zinali za ng'amba. Ndipo ulosi ukaphonya, abwerenso pa wailesi yomweyo adzanene kuti taphonya, chifukwa chake n'chakuti. Bambo wa pa WhatsApp sangachite zimenezo, ndipo anthu adzaona okha kusiyana kwake.

Kunena zoona kumafunanso kuti tisakokomeze. Si mvula iliyonse yamphamvu imene ili umboni wa kutentha kwa dziko. Anamondwe analipo kale, chilala cha 1949 chinagwa magalimoto ali owerengeka m'dziko muno. Zimene akatswiri a IPCC, gulu la United Nations lounika za kusintha kwa nyengo, amanena n'zoti anamondwe amphamvu kwambiri azichuluka pakati pa anzawo ndipo mvula yawo izikula, osati kuti chiwerengero cha anamondwe onse chikwera. Pambuyo pa namondwe Ana mu Januwale 2022, uja anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutisiya mu mdima, gulu la akatswiri la World Weather Attribution linafufuza n'kupeza kuti kutentha kwa dziko kunakulitsadi mvula ya anamondwe a chaka chimenecho. Koma linalephera kunena kuti inakula ndi mlingo wanji, chifukwa malo oyezera mvula okhala ndi kaundula wa zaka zambiri ndi ochepa m'chigawo chino. Tangoganizani: tikufuna kukalipiritsa mayiko olemera, koma malisiti tilibe.

Wina anena kuti munthu wanjala safuna phunziro la mpweya, akufuna chimanga ndi malata. Ndikumva. Koma zimene munthu amakhulupirira ndi zimene zimamuuza chochita ndi malatawo. Wokhulupirira kuti Freddy anali chida cha azungu, kapena chilango chimene chinabwera kamodzi n'kupita, amakamanganso pakhwawa pomwe paja. Womvetsa kuti nyanja ikutenthabe, ndipo taona kale madzi a 2015, anamondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, Jude mu 2025, amaganiza kawiri. Amasakaniza chimanga ndi chinangwa, mbatata ndi nandolo, amafunsa za mbewu yocha msanga, amavomera malo a kumtunda ngakhale ali kutali ndi manda a makolo. Zoona, malo ndi osowa kuno, minda ya tiyi inatenga gawo lalikulu la nthaka yabwino ku Mulanje ndi Thyolo kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo ambiri amene ali m'mphepete mwa phiri sanasankhe kukhala kumeneko. Imeneyo ndi nkhani ya ndale, ndipo sayansi isagwiritsidwe ntchito kuibisa.

Ntchitoyi sindikuona kuti ingatheke ndi akatswiri ochokera ku Lilongwe okha. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Anthu amakhulupirira nkhope imene amaidziwa: mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa zaumoyo, abusa ndi mashehe, a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, muulutsi wa wailesi ya Mzati amene amamuona pamsika. Amenewa ndiwo aphunzitsidwe mpaka athe kuyankha funso la dzina la namondwe ali chiimire pa siteji. Ndipo uthenga wa a zanyengo uzituluka m'mawu, wa mphindi imodzi, m'Chichewa chomveka, wonena tsiku ndi dzina la woulankhula, kuti uziyenda pa magulu a WhatsApp omwewo a mpingo, a banki m'khonde ndi a kabaza. Chikalata cha Chingerezi cha masamba awiri sichingathamangitsane ndi mawu a bambo uja.

Chimene ndayamba ine n'chaching'ono. Pasukulu ya pulayimale ya kufupi ndi kwathu ndinapempha aphunzitsi aakulu kuti tiike choyezera mvula pabwalo, kutali ndi mtengo ndi denga. Ndi botolo la mbali zowongoka lodulidwa pamwamba, rula womatidwa pambali, ndi kope la masamba 80. Ana a Sitandade 7 amasinthana kuwerenga m'mawa uliwonse belu lisanalire, n'kulemba pabolodi lakunja. Si chida choti a boma angachilembe m'kaundula wawo, koma chikugwira ntchito ina. Makolo opita kuchigayo amaima n'kuwerenga. Tsiku lina bambo wina anatsutsa kuti mvula ya usiku inali yaikulu kuposa imene yalembedwa. Mtsikana amene anayeza tsikulo sanakangane nawo. Anangoti, "Tiyeni mukaone, bambo, sitinataye," n'kuwatsogolera kubwalo. Bambowo anagwada, nayang'anitsitsa rula uja kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati botolo la mafuta ophikira la malita awiri lingagwire ntchito yomweyo kumunda kwawo.